Katswiri wa mpheta wa ku Senga Bay

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kambale ka usipa mlembi wanu amangokapatsa moni n'kudutsa. Ndiye ataona kuti ku Senga Bay kumabwera anthu olipira ndalama kuti angoyang'ana mbalame, osadyako ngakhale imodzi, anadzilemba yekha ntchito yoperekeza alendo.

Sukulu yake pa za mbalame inali legeni. Kumeneko anaphunzira kuti mbalame zili mitundu iwiri: yofika pa nsima ndi yothawa. Koma alendo ake anabwera ndi buku lonenepa lonena kuti m'Malawi muli mitundu yoposa 600, ndipo uliwonse ankafuna dzina lake.

Nkhwazi sinavute. Imeneyo ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo ikalira kuchokera ku chilumba cha Namalenje ngakhale mwana amaidziwa. Nantchengwa anamuzindikira ndi chisa chake chachikulu chija. Apa nzeru zinathera, ulendo usanafike n'pakati pomwe.

"Nanga kaja, achimwene?" anafunsa mayi wina, akuloza kambalame ka mlomo wautali kamene kanadumphira m'madzi.

"Mpheta, mayi. Ya m'madzi."

Mayiyo analemba. Mlembi wanu analimba mtima. Ku dambo la Mpatsanjoka anawaonetsa mpheta ya miyendo italiitali, mpheta yachikasu, mpheta yolira ngati yamva maliro, ndi ina imene anaitcha mpheta yaikazi chifukwa inamuyang'ana mokayika. Mvuu itapuma m'mabango, pakamwa panatsala pang'ono kutuluka mpheta yonenepa. Anadzigwira. Alimi a mpunga ku Lifuwu, amene amatha mawu n'kukuwa kuingitsa mpheta zenizeni, akanamva zimenezi akanamutengera kwa amfumu.

Usiku alendo anapempha nsalu yoyera ndi nyale. Inapita ndi nsalu ya pabedi ya mayi a kunyumba, amene anangoti, "Abambo, ikabwera ndi tizilombo mugona nayo nokha panja." Anaipachika pamtengo, nyale kumbuyo, ndipo agulugufe a usiku anayamba kutera. Mlembi wanu sanachedwe: mpheta za usiku.

Apa m'pamene mkulu wina wa m'gululo anaseka, kenako n'kusiya kuseka. Analoza kagulugufe kotuwa, kosaoneka bwino, koti munthu sangakayang'ane kawiri. Anati ameneyu ndiye mayi wa mbozi zija za fall armyworm. Kwawo n'ku America, mu Africa zinaoneka koyamba mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha izo. Kagulugufeka kamauluka mtunda wautali usiku umodzi, kamaikira mazira mulumulu pa tsamba la chimanga. Mbozi yake ili ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi timadontho tinayi chakumchira.

Mlembi wanu chimanga chake chinadyedwa chaka chimenecho. Anathira phulusa, anathira dothi, anathira sopo, mpaka msuzi wa usipa nthawi imene usipa unali wotheka. Mdani amene ankalimbana naye ankatera pa nyale yake usiku uliwonse, iye osamudziwa. N'zopweteka kuti mlimi aphunzire nkhope ya chimene chikumulanda chakudya kwa mlendo wodzapuma kunyanja, pamene mlangizi mmodzi akuyembekezeka kuzungulira midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa, ndipo ana amamaliza pulayimale osaonetsedwako tizilombo ta m'munda mwa makolo awo.

M'mawa alendo anamulipira, koma mayi uja anabweza mawu. Atafufuza m'buku, mpheta zonse zija zinapezeka ndi mayina ena, kupatula imodzi imene inalidi mpheta. Imeneyo mlembi wanu anali ataitcha njiwa yaing'ono.