Ulemu upite kwa bambo Indebwana

Pa antchito onse amene dziko la Malawi lakhala nawo chilandirireni ufulu mu 1964, palibe wakhama, wofatsa ndi wokhalitsa kuposa bambo Indebwana. Sanajombepo, tchuthi sachidziwa, ndipo zopuma pantchito safuna kuzimva. Maboma asintha, kwacha yagwa kangapo, Nyumba ya Malamulo yasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, koma mkuluyu akadali pampando wake wakutsogolo, zikhatho zili m'mwamba, kudikira kuti bwana amalize kulankhula. Nthawi zina sadikira n'komwe.

Ubwino wake woyamba ndi wosunga nthawi. Msonkhano umene mwalowa anthu amakani umayamba m'mawa, dzuwa n'kupendeka anthu akadali pa mfundo yoyamba. Wina akufunsa kumene kuchokere ndalama, wina akufuna aone kontirakiti, wina wakumbutsa za mlatho umene unalonjezedwa chaka chatha. Nsima imazizira. Koma pamene pali a Indebwana, pemphero lotsegulira likangotha bwana alankhula, m'manja muwombedwa, alawansi isainidwa, aliyense ulendo kwawo dzuwa lisanafike paliwombo.

Luso limeneli tinayamba kuliona dziko lidakali khanda. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri mbendera yathu itakwera, nduna zina zinayamba makani ndi Kamuzu. Zinkatsutsa zoti odwala azilipira tiki kuchipatala, zinkadandaula za chibwenzi chake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndiponso sizinkakondwa kuti munthu ankazitcha anyamata ake pamaso pa anthu. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Anthu ophunzira okhaokha, koma anasowa nzeru imene bambo Indebwana anabadwa nayo. Iye anaimirira m'nyumba muja ku Zomba n'kuvomereza kuti Ngwazi ili ndi chikhulupiriro cha onse. Mu 1966 anavomereza kuti chipani chikhale chimodzi. Mu 1971 anavomereza kuti mtsogoleri akhale wamuyaya. Ngodya zinayi zimene tinkaloweza, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinali ngodya za nyumba yake. Nyumba sikhala ndi ngodya yachisanu, choncho kufunsa kunasowa pokhala.

Ubwino wachiwiri ndi wa thanzi. Madokotala amatiuza za mchere ndi shuga, koma palibe anatiuza kuti makani amafupikitsa moyo. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967. Chipembere anafera ku America mu 1975. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza mu 1983, wailesi n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Jack Mapanje anakalowa ku Mikuyu mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osaonekerapo pamaso pa woweruza. Orton Chirwa anamwalira mu ndende ya Zomba mu 1992. Bambo Indebwana, zaka zonsezi, ngakhale chimfine. Anagula khadi lachipani, anagulira mkazi wake, anagulira ndi mwana wakumsana yemwe.

Adani ake, pakuti munthu wabwino sasowa adani, amati iye amagonthetsa bwana amene akumutumikira. Umboni wawo ndi wa 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, yonena poyera za malipiro ochepa, za anthu omangidwa popanda mlandu ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Nthawi yonseyi mkulu wathuyu ankatsimikizira Ngwazi kuti amenewa ndi anthu ochepa osokonezeka, dziko lonse lili pambuyo pake, taonani amayi adzaza bwalo. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya zipani zambiri, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ndiye akuti wolakwa ndi Indebwana. Analakwa chiyani? Ntchito yake inali kusangalatsa bwana, ndipo bwana anasangalala mpaka tsiku lowerenga mavoti. Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ndani amakonda kutsinidwa?

Tsono apa mpamene ukulu wake unaonekera. Munthu wamba bwana wake akagwa amagwa naye. Iyeyu ayi. Pofika 1994 anali atavala zachikasu, akuvinira bwana watsopano, Atcheya, ndi mwendo womwewo. Tsiku lokha limene ndikudziwa kuti analira ndi la mu Julayi 2002, pamene bilu yoti mtsogoleri aziimira maulendo osawerengeka inaperewera mavoti atatu okha kuti idutse. Mavoti atatu! Mipingo inali itachita phokoso, maloya analemba, anthu ankaliza mahutala m'misewu, ndipo aphungu angapo ouma mitu anakana. Ntchito ya miyezi yambiri inapita m'madzi chifukwa cha anthu osadziwa ulemu.

Sanafooke. Anasintha nsalu, n'kukhala yabuluu, ndipo mbambande ya moyo wake anaichita pa mbendera. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linati dziko latukuka, dzuwa lotuluka lija silikutiyeneranso, tiike dzuwa lathunthu loyera. Inde bwana. Mu 2012, Bingu atamwalira, boma la Joyce Banda linati tibwezeretse mbendera yakale. Inde mayi. Nyumba ya Malamulo imodzimodziyo, yosankhidwa mu 2009, inadutsitsa zonse ziwiri. Pakati pa mavoti awiriwo dziko linaona zambiri. Mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, kazembe wa Britain anathamangitsidwa, mafuta anasowa, ndipo pa 20 Julayi 2011 anthu anaphedwa m'misewu pa zionetsero. Mkulu wathu anaona zonsezi n'kunena kuti chitukuko chikuyenda. Epulo 2012 asanathe anali ataoneka kale ndi nsalu yaolenji, akufotokozera atolankhani kuti anthu a kudera kwake ndiwo amupempha kuti agwire ntchito ndi boma lolamula. Anthu a kudera kwake amenewa ndi odabwitsa: sapempha mjigo, sapempha mankhwala, amangopempha kuti phungu wawo asamuke. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, loletsa kuwoloka kotereku, amalidziwa bwino, ndipo amalipatsa moni akamadutsa.

Ena amaganiza kuti masiku ake anatha, poti lero aliyense akulankhula. Tsegulani wailesi madzulo mumve anthu akuimba foni, kwerani minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Kawale, lowani pa Facebook. Phokoso lokhalokha, anthu kutukwanana mpaka makolo. Mlendo angati dziko ladzaza ndi amakani. Koma tcherani khutu bwino. Bambo Indebwana anabereka, ana ake anamwazikana m'zipani, ndipo anawaphunzitsa kukuwa. Uyu akuti inde kwa bwana wake, uyo akuti inde kwa wake, angotembenukirana nkhope. Wina akafunsa chifukwa chimene feteleza wakwerera, kapena kumene ndalama zakunja zikupita, yankho lake ndi mafunso atatu: ndiwe wa chipani chanji, kwanu n'kuti, akudyetsa zingati. Mzere wa mafuta womwewo umakhala umboni wa kulephera bwana wa anzathu akamalamulira, n'kusanduka vuto la dziko lonse lapansi wathu akalowa. Palibe amene amatuluka mumtsutso wotere atasintha maganizo, ndipo ubwino wake ndi umenewo: munthu umakagona ndi mutu womwe unadzuka nawo, wosatopa. Kutsutsa bwana wa mnzako n'kosavuta, ngakhale kadeti amatha. Chowopsa ndi munthu wouza bwana wake yemwe kuti apa mwalakwa, ndipo mtundu umenewo mkuluyu wayesetsa kuti usachuluke.

Umatulukirabe apo ndi apo, ndi zoona. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anakhala tsiku lonse kuwerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha 2019 chifukwa cha tipeksi ndi zolakwika zina, pamene zikanatheka kungoti zonse zinayenda bwino anthu n'kukadya nkhomaliro. Dziko linawononganso ndalama kuvota kachiwiri.

Chimene chimandiwawa ndi kusayamika kwathu. Pisani m'thumba muone amene ali pa ndalama. John Chilembwe, amene anakana kunena inde kwa atsamunda mu 1915, ali pa K500 ndi pa K2,000 pomwe. Rose Chibambo, wochotsedwa uja chifukwa cha makani, ali pa K200. Amakani akuyenda m'matumba mwathu, pamene munthu amene watumikira atsogoleri onse mosakondera alibe ngakhale kobiri. Ndikupempha banki yaikulu kuti ikadzasindikiza ndalama ina yatsopano imukumbukire. Wojambula yekha ndiye adzavutike, chifukwa nkhope ya mkuluyu ili ngati mpendadzuwa, siikhala mbali imodzi. Adzamujambule chakumbuyo, zikhatho zikuoneka, ndipo adzafulumire chisankho chisanafike.