Walira Mvula, Walira Matope

Makolo athu, amene sanaonepo galimoto ngakhale kutulo, ananena kuti walira mvula walira matope. Ndipo akadauka lero nakaima pamalo otsukira magalimoto mu Lilongwe, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, akadagwedeza mitu poona kuti mawu awo sanagwe pansi. Pakuti iye amene wathira madzi pagalimoto yake kuti iyere, waitananso mathothomathotho otuwa amene amatsala madziwo akauma, ndipo galimoto ikakhala yakuda, manyazi ake amaonekera kutsidya kwa msewu.

Mlandu si wa mnyamata wotsuka, ngakhale ndiye amamva mawu onse. Madzi, makamaka a pamjigo, poyenda m'miyala amasenza mchere wa kashiamu ndi magineziyamu umene diso siliuona. Tsono dzuwa likamwa madziwo, mcherewo limausiya pomwepo, dontho lililonse ndi chizindikiro chake, ndipo ukakhalitsa pachitsulo chotentha umadya penti, kufikira kuti ngakhale viniga, amene amausungunula ukadali watsopano, amabwerera chimanjamanja. A ku Chikwawa, kumene mijigo ina imatulutsa madzi olawa mchere, sasowa wowauza.

Kale tinkapukuta ndi malaya akutha, amene pokoka mchenga ankalemba mizere yosafufutika. Lero kwadza makina ouzira mphepo, ndipo taonani chodabwitsa: bambo amene chikwatirire sanagwadepo kuuzira moto pamafuwa a mkazi wake, ali chilili pabwalo m'mawa wa Loweruka, kuuzira chitsulo mwachifatse ndi mwaulemu. Ndisawanyoze kwambiri, pakuti nzeru ilipo. Amaimika galimoto pamthunzi, nayambira padenga, napirikitsa madontho kutsikira kumatayala asanaume. Kenaka amatulutsa madzi obisala kuseri kwa magalasi a m'mbali, m'zogwirira zitseko ndi kunsi kwa nambala, madzi achinyengo aja amene amadikira kuti mwini wake anyamuke ndi pamene atsike ngati misozi. Galimoto ikakhala yopakidwa polishi, madontho amathawa msanga. Ikakhala yosapakidwa, bamboyo adzauzira kufikira nsima itazizira.

Koma mphepo nayonso ili ndi matope ake. Wouzira pabwalo ladothi, osayamba wawaza madzi pansi, amautsa fumbi lofiira limene limatera pagalimoto yonyowa, kotero kuti chimaliziro chake chimaipa koposa chiyambi. Magetsi akathima ntchito ili pakati, theka la galimoto limawala, theka linalo limatsalira dzuwa. Za phokoso sindinena, poti mwana wogona kumbuyo amazinena yekha.

Ndipo m'makomboni mwathu, mmene mpanda ndi waudzu ndipo mabwalo ndi ogundana, wanzeru ayambe wasuzumira kwa anansi asanayatse makinawo. Pakuti mayi amene anayanika ufa woyera pamkeka, atavutika kukonola, kuviika ndi kupita kuchigayo, sadzamva za kashiamu ndi magineziyamu, koma adzafika pakhomo ndi lichero lopanda kanthu, kudzafunsa kuti banja lake lidya chiyani madzulo ano.