Ulemu Upite kwa Período Composto

Anthu akamatama dziko la Brazil amathamangira kutchula mpira ndi samba. Kumeneko n'kulakwira mfumu yeniyeni ya m'kalasi, período composto, chiganizo cha nthambi cha m'Chipwitikizi chimene chimadikirira mwana aliyense wa zaka 13 kapena 14.

Taonani mphamvu zake. Mwanayu anayamba kulumikiza nthambi asanaone n'khomo la sukulu lomwe: "Ndipita, koma ndidye kaye." Palibe anamuphunzitsa. Kenaka afika aphunzitsi ndi choko chawo n'kumuululira kuti zaka zonsezi wakhala akungobwebweta, poti sadziwa kuti koma wakeyo, mas m'Chipwitikizi, ndi adversativa. Ndi phunziro liti lina lingalande mwana katundu wake n'kumugulitsanso pa mayeso?

Ndipo si louma manja ayi. Nthambi zoima pazokha zokhala ndi mlumikizi zilipo mitundu 5. Zosaima pazokha zogwira ntchito ya dzina zilipo 6, za mfotokozi 2, za muonjezi 9. Yonse ikukwana 22, uliwonse ndi dzina lakelake loti aliloweze pamtima. Mu 1959 boma linachita kudinda mayinawa mu Nomenclatura Gramatical Brasileira, kuti mwana wa ku Recife ndi mnzake wa ku Porto Alegre azilira mofanana. Chilungamo chiposa apa?

Koma chimene chimanditenga mtima ine ndi ulemu umene phunziroli limapereka kwa onyozeka. Tengani chiganizo ichi: Ele disse estar cansado, wanena kuti watopa. Timawu tiwiri takumapetoto, estar cansado, wina akhoza kungotipitirira. Galamala yakana. Yatipatsa dzina la mawu 8: oração subordinada substantiva objetiva direta reduzida de infinitivo. Zili ngati nyakwawa ya mudzi wa nyumba ziwiri imene mayina ake aulemu satha kuitanidwa dzuwa lisanalowe. Mwana akamafika pa infinitivo amakhala atatopadi, ndiye kuti phunziro lalowa.

Nanga kachenjerede kotchedwa pois? Kakatsogolera mneni kamapereka chifukwa. Kakabwera pambuyo pa mneni kamamanga mfundo. Mpatuliro nawo suchepa. Os alunos que estudaram passaram, akhoza okhawo amene anawerenga. Ikanimo mipatuliro iwiri, Os alunos, que estudaram, passaram, basi kalasi yonse yakhoza. Palibe nduna ya maphunziro inakwezapo zotsatira mofulumira chotere, komanso popanda kuwononga ndalama.

Alipo ansanje ena amene amati ana azipatsidwa ziganizo zifupizifupi azilumikiza okha, aone mmene embora (ngakhale) ndi porque (chifukwa) zimasinthira tanthauzo, mayina abwere pambuyo. Anthu oopsa amenewo! Ana angayambe kulemba makalata omveka, mwinanso kukonda phunzirolo, ndiye cholembera chofiira chidzagwira ntchito yanji?

Aphunzitsi a Chipwitikizi, kaya muli ku São Paulo kaya ku Ulongué, chonde musasadzeko ngakhale nthambi imodzi. Mwana akafunsa kuti zimenezi zidzamuthandiza chiyani, muuzeni ayambe watchula mtundu wa nthambi imene ili m'funso lakelo.