Malangizo kwa wofuna kudyerera pa sitima mpaka ku Chilumba

Ngati mwatopa kuona pa Facebook anzanu a ku Durban atavala magalasi akuda pa chisitima chosanjikizana kakhumi, mtima m'malo. Nafe tili nayo yathu. Dzina lake ndi Ilala. Anaipangira ku Scotland mu 1949, n'kubwera nayo kuno zidutswazidutswa, ndipo inayamba ntchito pa nyanja yathu mu 1951. Wina akanena kuti ndi nkhalamba, mumuuze kuti azungu amalipira ndalama zankhaninkhani kuti angoona zakale, pamene inu zakalezo mukwera n'kugonamo.

Wotchi musiye kunyumba. Ndandanda imati sitima imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu n'kufika pa Chilumba, doko lomaliza kumpoto, m'boma la Karonga, Lamulungu madzulo. Ndandandayo ilibe mlandu, kungoti poilemba sanafunse mwera, sanafunsenso matumba a chimanga ndi a simenti ofunika kutsitsa pa Likoma. Akunyumba akaimba foni kufunsa kuti mufika liti, munthu wozolowera amangoti, "Tili m'njira."

Pogula tikiti muziganiza bwino, chifukwa sitimayi inagawa anthu mosabisa. Pamwamba pali bala, kamphepo kayaziyazi, ndi azungu a zikwama zakumsana amene amalipira zambiri kuti agone panja. Pansi ndi pamene pali Malawi yense: matumba a usipa, mikoko ya nthochi, malata, njinga, nkhuku zomanga miyendo, ndi mayi amene wayala chitenje pakhomo penipeni pa chimbudzi ndipo sasuntha mpaka ku Nkhata Bay. Ngati m'thumba mwauma, gulani ya pansi, osadandaula. Pojambula chithunzi mungopereka msana kunyanja. Madzi ndi amodzimodzi, palibe adzadziwe kuti mwakhalira thumba la usipa, pokhapokha atanunkhiza jekete lanu mukabwerera.

Masitima a kunja amadzitama kuti ali ndi dziwe losambiramo ndi kanema. Ife zimenezo tilibe nazo ntchito, tili ndi Usisya ndi Ruarwe. Kumeneko kulibe jeti, choncho sitima imaima pakuya n'kutsitsa timaboti take. Inu tsamirani chitsulo, muonere. Boti limalembedwa chiwerengero cha anthu oyenera kukwera, koma musachiwerenge mokweza, mungakhumudwitse anzanu. Mwana amadutsa m'manja mwa anthu asanu osamudziwa asanafike kwa amake. Kufupi ndi mtunda boti limaima madzi akadali m'chiuno, ndipo pamenepo mudzaona bwana wa taye, nsapato zili m'manja, atakwera pamapewa a mnyamata wa zaka 18, akukambirana mtengo ali m'mwamba. Musamuseke kwambiri. Tsiku lina adzakhala inu.

Chinthu chimodzi chokha musachitire nthabwala. Nyanja ya kumpoto kuno ikakwiya imakwiyadi, ndipo mu 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Antchito a m'sitima akati khalani pansi, khalani pansi. Mukaona anzanu a ku Lilongwe akudyetsa nsomba chakudya chawo chamasana, yang'anani kwina, ndi ulemu umenewo.

Tsopano za tsiku lanu la kumtunda. Alendo a masitima a kunja amatsika m'mawa, kuzungulira mzinda, kugula zipewa, n'kubwerera madzulo. Pa Chilumba tinachepetsa chintchito chonsecho. Sitima imafika dzuwa litalowa n'kunyamuka tambala asanalire, kotero tsiku lanu la kumtunda ndi usiku. Mudzaona jeti, tochi za anthu odikira katundu, ndi udzudzu umene umalandira alendo mosasankha tikiti. Mukakafika kwanu muzikanena molimba mtima kuti Karonga mukuidziwa.

Koma ngati mukufunadi kuiona, njira ilipo imodzi: sitima ikusiyeni. Gonani tulo tofa nato pa nyumba yogona alendo, mukadzuka mudzapeza kuti mwapata sabata yathunthu. Kwerani minibasi pa Uliwa, mutsate msewu wa M1 mtunda wa makilomita pafupifupi 70, kudutsa minda ya mpunga, mpaka pa boma. Kutentha musakudandaule pagulu. Eni ake adzakuuzani kuti mwabwera nyengo yozizira. Chichewa chanu cha ku Area 25 chidzagwira ntchito, koma mtengo wa kabaza udzakwera nacho, ndiye phunzirani moni wa Chitumbuka ndi wa Chingonde musanafunse za ndalama.

Pa boma pitani kunyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004, mukaone Malawisaurus, chinyama chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomweli ndipo chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mukachiona, Ilala muyamba kuitchula kuti mtsikana. Komweko mudzamva za Mlozi, wogulitsa akapolo amene ananyongedwa mu 1895, ndipo m'tauni momwemo muli manda a asilikali amene anafa Ajeremani ataukira Karonga mu September 1914. Zimenezi muziloweze, chifukwa pobwerera pa bala ya pamwamba pamakhala mzungu amene anawerenga zonsezi m'buku ndipo adzafunsa inu, mwini dziko.

Pa chakudya musachite matama ofuna tchipisi. Itanitsani mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, kapena mpunga wa Kilombero umene fungo lake limakupezani musanalowe pakhomo. Vuto la mpungawu ndi lakuti wachibale aliyense akamva kuti muli ku Karonga amakumbukira nambala yanu. Mudzabwerera pa jeti ndi matumba awiri, ndipo mudzazindikira kuti simulinso mlendo woona malo, mwasanduka mmodzi wa anthu a katundu amene munkawajambula aja.

Lamulungu linalo mufike pa jeti msanga, koma mufunse kaye ngati sitima sinapite kokakonzedwa ku Monkey Bay. Ngati yapita, musalire. Basi za ku Mzuzu zimadutsa pa M1 tsiku lililonse, ndipo mpunga amalipiritsa pa thumba.