Mlendo ndi Mame? Kafunseni ku Durham

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ndi wotonthoza mwininyumba: pirira, dzuwa likatuluka mphasa yako ikubwerera. Koma amene anaupeka sanafike ku Durham, kumpoto kwa England, kumene anakamuka ndi eni nyumba, alendo n'kutsala. Linga la kumeneko linayamba kumangidwa mu 1072 molamulidwa ndi mfumu William, ndipo kwa zaka zoposa 700 linali la mabishopu amene sanali abusa wamba: ankasula ndalama zawozawo, kuweruza milandu ndi kumema asilikali. Mu 1837 nyumbayo inaperekedwa ku yunivesite imene inali itangokhazikitsidwa mu 1832. Lero m'makonde momwe munkakwekwereza mikanjo ya mabishopu mukuthamanga anyamata ndi atsikana oposa 100, manthongo ali m'maso, kuopa kuchedwa kukalasi.

Wina anganene kuti mwambiwu sunaname, pakuti wophunzira aliyense amangotha zaka zitatu kapena zinayi n'kulongedza. Zoonadi. Chimene akuluakulu anatibisira n'chakuti mame amagwanso mawa lake. Okutobala aliyense kumagwa ena, ndi masutikesi awo, ndi makolo ojambula zithunzi pachipata, ndipo patha zaka zoposa 180 mphasa ija isanapindidwe.

Dandaulo lomveka ndi lakuti kupereka nyumba yotere kwa anthu amene amaiwala mbale yakuda pansi pa bedi mpaka imere nkhungu n'kuitaya dala. Mbiri ikukana. Nsanja ya pamwamba pa chitunda inasanduka bwinja mabishopu akadali eni ake, iwo akukonda kugona kunyumba yawo ina ku Bishop Auckland. Inamangidwanso mu 1840, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: ophunzira anasowa pogona. Paja denga likamadontha m'chipinda chopanda munthu limadontha mwamtendere mpaka mitengo kuola, koma dontho limodzi likagwera pa laputopu ya mwana amene walipira lendi, akuofesi amamva kadzutsa asanathe, makolo ake n'kuimbanso foni masana. Pamene UNESCO inkaika lingali pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1986, inawapeza ophunzirawo ali momwemo, ndipo sinawatulutse. Patchuthi akapita kwawo, yunivesiteyo imabwereketsa zipindazo kwa alendo odzaona malo, amene amalipira mosangalala kuti agone pabedi pomwe mwezi wathawo munthu ankalirirapo mayeso.