Nkhope ya Bwana

M'maofesi ambiri a mu Lilongwe, nkhani za tsikulo zimayambira kwa mlonda wa pageti, poti ndiye amayamba kuona nkhope ya bwana. Bwana akatsitsa galasi la galimoto n'kukweza dzanja, uthenga umafika m'mwamba iwo asanazimitse injini: lero kwacha bwino. Ofuna tchuthi amatulutsa mafomu, ofuna ngongole amakonza kolala. Koma galasi likakhala chitsekere, mesenjala amangodutsa m'khonde akukanda kumutu. Palibe wanena kanthu, koma Facebook yazimiririka pa kompyuta zonse, ndipo mayi wa mandasi wabwerera pakhomo ndi beseni lake.

Moni wa bwana ulinso ndi magiredi. A dayirekita anzawo amalandira manja awiri ndi phwete. Kalaliki amalandira kugwedeza mutu, maso ali pafoni. Mayi wokolopa amalandira mapazi a matope. Ndiye pali achimwene ena amene bwana anawagwira paphewa m'mawa wina. Mwezi wonse ankafika mlonda asanasinthe shifiti, mafayilo akuuluka, kunyumba atawauza kale kuti pulomoshoni ili m'njira. Amene analipo akuti bwanawo ankangofuna malo odutsa.

Antchito nawo sayankha ndi pakamwa. Amayankha ndi jekete. Mulipeza lapachikidwa bwinobwino pampando, mandala ali pa fayilo yotsegula, tiyi wa theka m'kapu. Mukafunsa, "Angotulukako pang'ono, dikirani." Mwini wake ali ku Area 25, akuwerengetsa matumba a simenti. Jeketelo silinachedwepo, silinapemphepo tchuthi cha maliro, ndipo kunena chilungamo, mphoto ya wantchito wakhama inayenera kupita kwa ilo.

Zikafika poipa, oyang'anira antchito amakonza maphunziro kunyanja, ku Salima. Kumeneko katswiri wa tayi yofiira amaonetsa manambala a Albert Mehrabian, ochokera m'kafukufuku wa mu 1967: mawu 7 peresenti, kamvekedwe ka mawu 38, nkhope 55. Chimene sanena n'chakuti Mehrabian ankayesa mmene timadziwira ngati munthu akutikonda kapena ayi, pamene mawu ndi nkhope zikutsutsana, osati mmene tingamvere lipoti la bajeti. Koma afunse ndani? Theka la holo likugwedeza mutu movomereza, ndipo mukayang'anitsitsa, ena mwa ogwedezawo atsinzina kale. Bwana ali kutsogolo, manja apinda pachifuwa, akuphunzitsidwa kuti kupinda manja kumaopseza antchito.

Cha m'ma 3 koloko, mtsikana wa ku akaunti amalowa mwakachetechete ndi envulopu ya khaki ndi pepala losainira alawansi. Sapereka moni, sakhosomola n'komwe. Misana yonse imawongoka, zolembera zimene zinasowa m'mawa zimapezeka, ndipo katswiri uja, poona maso 40 akuwala nthawi imodzi, amalemba mu lipoti lake kuti ophunzira anaonetsa chidwi chachikulu pa gawo lomaliza.