Mmene mungawonongere flowchart isanafike m'kalasi

Chigwa cha Domasi chinazolowera anthu ojambula zinthu kuti ena amvetse. Jeanes Training Centre inayamba kusula aphunzitsi kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Malawi Institute of Education, kumene amakonzera masilabasi a dziko lino, ili konkuno, ndipo Domasi College of Education yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993. Kale ankajambula ndi choko pa bolodi, kapena ndi makala pa katoni monga TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, imalimbikitsira. Masiku ano ambiri akujambula pa laputopu, ndipo chimene chikuzunzika kwambiri m'manja mwawo ndi flowchart, chithunzi cha mabokosi ndi mivi chosonyeza poyambira ntchito, chotsatira chake, ndi pamene munthu asankhe njira. Njira zoyiwonongera ndi zodziwika, ndipo iliyonse imapweteka munthu wina amene anakhulupirira pepalalo.

Tiyerekeze mukujambulira mlimi amene wagula mbewu ya makumba ku National Aquaculture Centre, kapena ana a Fomu 3 amene mukuwaphunzitsa za ulimi wa nsomba. Ndondomeko yoyezera madzi a m'dziwe la nsomba ndi yaifupi. Lowetsa mkono m'dziwe mpaka pachigongono. Kodi chikhatho chikuwoneka? Ngati chikuwoneka, madzi ndi oyera kwambiri, thira manyowa. Ngati sichikuwoneka, madzi abiriwira mokwanira, leka kuthira. Mabokosi ake ndi ochepa, moti kuti asokoneze munthu pamafunika kuti wojambulayo alakwitse motsatizana.

Yambani ndi kudalira maso. Kokani bokosi lililonse ndi chala mpaka liwoneke ngati lili pansi pa linzake, ndiye mulisiye pomwepo. Mu Word ndi mu PowerPoint muli lamulo lotchedwa Align: mukagwira Shift n'kudina mabokosi onse, Align Center imawaika pamzere umodzi, Distribute Vertically n'kulinganiza mipata yake. Musalikhudze. Timizere todukaduka timene PowerPoint imaonetsa mabokosi akalingana, tinyalanyazeni. Mukatero muvi wotsika kuchokera pa bokosi loyamba udzathyoka pang'ono pakati, kapena udzapendekera, ndipo mwana wakhama adzaganiza kuti kupindikako kuli ndi tanthauzo. Adzakukopera m'kope mwake mosamala.

Kenako musamangirire mivi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Bokosi lililonse lili ndi timadontho m'mbali mwake, pamwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja, pamene muvi umagwira. Ukagwira, bokosi likasuntha nawonso umatsatira. Mu Word zimenezi zimatheka mukayamba mwatsegula Drawing Canvas n'kujambula m'kati mwake. Inu jambulani pa tsamba penipeni, muvi uthere pafupi ndi bokosi, osaligwira. Lero ziwoneka bwino. Mawa mudzawonjezera chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba, mabokosi ena adzatsika, mivi n'kutsala m'malere, wina ukuloza pa mpata wopanda kanthu. Aliyense amene anayendapo m'minda ya mpunga kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, cha ku Chilwa, amadziwa ngalande imene yathera phazi limodzi isanafike pa munda: madzi alipo, munda ulipo, koma mpunga ukuuma. Muvi wosagwira bokosi ndi ngalande imeneyo. Mu draw.io, pulogalamu yaulere imene imagwira ngakhale popanda intaneti, mivi imamata yokha mosavuta, choncho kumeneko muyenera kuchita kuikokera kutali ndi timadonthoto.

Pa dayamondi, bokosi la funso, m'pamene mungawononge zambiri ndi ntchito yochepa. Imatulutsa mivi iwiri, wa Inde ndi wa Ayi. Musalembe mawu amenewa. Ngati mwalemba, aikeni m'kabokosi kapadera koyandama pakati pa mivi iwiriyo, kuti Inde akhale wa aliyense. Mlimi uja adzawerenga kuti madzi akabiriwira awonjezere manyowa. Adzathira, n'kuthiranso, pomvera pepala. Manyowa akachuluka mpweya umachepa m'madzi usiku, ndipo m'mamawa adzapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa, zina zitagada kale. Sadzaganiza kuti cholakwa ndi chithunzi. Adzati mbewu inali yoipa, kapena kuti iye ulimiwu sakuutha. Zimenezi n'zimene zimandiwawa pa nkhani yonseyi: wolakwiridwa ndi amene amadziimba mlandu.

Maonekedwe a mabokosi musawasamale. Frank ndi Lillian Gilbreth anaonetsa akatswiri a makina ku America matchati a ndondomeko ya ntchito mu 1921, ndipo mu 1985 bungwe la ISO linaika muyezo wa zizindikiro zake, nambala 5807. Chozungulira chotalika ndi poyambira ndi pothera, bokosi la ngodya zinayi ndi ntchito, dayamondi ndi funso, bokosi lopendekera ndi zolowa kapena zotuluka. Inu sankhani chimene chakukongolerani. Funso liikeni mu nyenyezi, poyambira muike mtambo. Mwana wa Computer Studies amene waphunzira kwa inu adzajambula zomwezo pa mayeso a MSCE, ndipo wochonga sadzamufunsa kuti anaziona kuti.

Ndondomeko ya dziwe ili ndi muvi wobwerera, chifukwa pakapita masiku mlimi ayenera kuyezanso madzi. Muvi umenewu umafunika kuzungulira m'mbali, wopinda ngati chigongono, n'kukalowa pamwamba. Udutsitseni pakati penipeni, upyoze mabokosi awiri, uphimbe mawu, udutsane ndi mivi ina. Mutu wake muuiwale, kuti munthu asadziwe kumene ukupita.

Zotsalazi n'zachangu. Bokosi lina likhale lalikulu, lina laling'ono, mawu osefukira kunja. Zilembo zichepe kuti zonse zikwane. Pakani mitundu yakuda bii, buluu ndi wofiira, ndipo Inde muisiyanitse ndi Ayi pogwiritsa ntchito mtundu wokha. Makina a fotokope amene inki yake ikutha adzasandutsa zonsezo phulusa limodzi.

Pomaliza musagwiritse Group yomanga zonse kukhala chinthu chimodzi, ndiponso musasunge ngati PDF. Tumizani fayilo ya Word momwemo pa WhatsApp kwa wosindikiza wa pa Songani kapena wa mu tauni ya Zomba. Kompyuta yake ili ndi Word ina, zilembo zina, kukula kwa pepala kwina, ndipo dayamondi idzathawira tsamba lachiwiri n'kusiya mivi yake pa loyamba. Musayang'ane pepala loyamba lisanachulukitsidwe. Lipirani, pindani mapepalawo, kwerani minibasi. M'kalasi ya ana ambiri mudzagawa limodzi kwa ana anayi kapena asanu, ndipo wokhala kumbuyo, amene bolodi saliona bwino, adzayendetsa chala chake pa muvi kuchokera pa funso la chikhatho, n'kufika m'mphepete mwa pepala, n'kukweza dzanja kufunsa kuti, "Aphunzitsi, apa tithire manyowa kapena tileke?"